MWANA AKACHIRA CHIKUKU, NTCHITO YA MAYI SINATHE

Amayi, pamene mukudikira kuti mwana wanu akwere pa sikelo, werengani kabuku aka mofatsa. Mukabwerera kumudzi mukawawerengerenso bambo a mwana, agogo ake ndi anzanu amene sadathe kubwera lero.

Pa ntchito yathu yoyendera midzi timakumana kawirikawiri ndi nkhani yotere. Mwana wa chaka chimodzi ndi miyezi ingapo wadwala chikuku. Thupi latentha, maso afiira, akutsokomola, ndipo patapita masiku atatu kapena anayi totupa ting'onoting'ono tayamba kumaso ndi kuseri kwa makutu, kenaka tafalikira thupi lonse. Mayi wapita naye kuchipatala, walandira chithandizo, totupa taphwa, khungu lasupuka. Pakhomo onse akondwa. Mayi wabwerera kumunda, mwana wasiyidwa m'manja mwa mlezi. Patapita mwezi umodzi mwana uja wayamba kutsegula m'mimba. Kutsegulako kutangoleka, chifuwa chamugwira. Pa sikelo mzere wa pa khadi lake wayamba kutsika, ndipo mapazi ayamba kutupa. Ena mwa ana otere amamwalira mwezi wachiwiri kapena wachitatu, ndipo pamaliro anthu amadabwa, amvekere, "Nanga si chikuku chija adachira?"

Zoonadi chikuku adachira. Chimene chidali chisanachire ndi chitetezo cha m'thupi mwake. Kabuku aka kakufotokozerani chifukwa chake, ndi zimene mungachite pa miyezi yoopsayi.

KODI THUPI LIMADZITETEZA BWANJI?

Tsiku lililonse mwana amakumana ndi tizilombo tambirimbiri tosaoneka ndi maso. Tili m'dothi limene amakwawapo, m'madzi, m'mpweya ndi m'manja mwa omunyamula. Ngakhale zili choncho sadwala tsiku lililonse, chifukwa m'magazi mwake muli maselo oyera amene timawatcha asilikali a m'thupi. Asilikaliwa amapangidwa m'mafuta a m'mafupa, ndipo amayenda ndi magazi thupi lonse. Mukakhala ndi chilonda kuphazi mwanabere n'kutupa m'mphechepeche, dziwani kuti pamenepo asilikali asonkhana kuti alimbane ndi tizilombo tochokera pachilondapo.

Asilikali ena amamenya mdani aliyense amene walowa, osasankha. Ena ali ndi ntchito yapadera yokumbukira. Mwana akadwala nthenda ina n'kuchira, kapena akalandira katemera wake, asilikali okumbukirawa amasunga maonekedwe a kachilombo kameneko kwa zaka zambiri. Amapanganso zida zoyenerana ndi kachilomboko, zimene madokotala amazitcha antibodies. Kachilombo komweko kakabweranso, thupi limakazindikira msanga ndi kukagonjetsa, nthawi zina mwana asanamve n'komwe kudwala.

Tingayerekeze ndi alonda a pamudzi. Mlonda wokhalitsa amadziwa nkhope za mbala zonse za m'deralo, ndipo amaizindikira mbala ikadali kutali. Mlonda watsopano, ngakhale ali wamphamvu, amangozindikira nkhokwe itaboola kale.

Khanda limabadwa lili ndi zida zobwereka kwa mayi ake, zimene lidalandira lili m'mimba. Limalandiranso zina kudzera m'mkaka wa m'mawere, makamaka mkaka woyamba wachikasu uja. Zida zobadwa nazozi zimatha pang'onopang'ono m'miyezi yoyamba ya moyo. Kuyambira pamenepo mwana amasonkhanitsa chitetezo chakechake, nthenda ndi nthenda, katemera ndi katemera. Mwana wa zaka ziwiri amakhala atasonkhanitsa kale chuma chambiri chotere.

ZIMENE CHIKUKU CHIMACHITA

Kachilombo ka chikuku kali ndi khalidwe loipa limene tizilombo tambiri tilibe. Kakalowa m'thupi kudzera m'mpweya, kamafunafuna asilikali okumbukira aja, n'kulowa mwa iwo, n'kuswana momwemo mpaka ambiri a iwo afe. Pa masiku amene totupa tikutuluka, asilikali a m'magazi amakhala atachepa kwambiri.

Madokotala adayamba kalekale kukayikira zimenezi. M'chaka cha 1908 dokotala wa ana wa ku Vienna, Clemens von Pirquet, adaona kuti ana amene khungu lawo linkaonetsa kuti adakumanapo ndi kachilombo ka chifuwa chachikulu, ankaleka kuonetsa chizindikirocho akadwala chikuku. Zinali ngati thupi laiwala mdani amene linkamudziwa.

Umboni weniweni udapezeka posachedwapa. M'chaka cha 2013 kudabuka chikuku ku Netherlands pakati pa mabanja amene sankapereka ana awo ku katemera. Akatswiri adayesa magazi a ana 77 asanadwale ndiponso atachira. Zotsatira zake, zimene zidafalitsidwa mu 2019, zidaonetsa kuti ana ameneŵa adataya gawo la zida zawo zolimbana ndi matenda ena. Amene adataya pang'ono adataya magawo 11 mwa magawo 100, ndipo amene adataya kwambiri adataya magawo 73 mwa 100. Ana amene adalandira katemera wa chikuku sadaonetse kutaya kotereku.

Choncho mwana wochira chikuku ali ngati mudzi umene alonda ake okhalitsa afa. Patapita masabata ochepa thupi limapanga asilikali atsopano, ndipo chiwerengero chawo chimabwerera mwakale. Koma atsopanowa mbala imene amaidziwa bwino ndi imodzi, ndiyo chikuku chomwecho. N'chifukwa chake munthu sadwala chikuku kawiri pa moyo wake. Mbala zina zonse, za chibayo, za kutsegula m'mimba, za mafinya a m'khutu, ayenera kuziphunziranso.

KODI CHITETEZO CHIMABWERERA LITI?

Palibe jakisoni kapena mapiritsi amene angabweze chikumbukiro chimenechi tsiku limodzi. Thupi limachimanganso lokha, pokumananso ndi tizilombo timene lidatiiwala. Vuto lake ndi lakuti kukumana kulikonse kotere kungathe kukhala matenda. Mwana wodya bwino ndi wothandizidwa msanga amadwala pang'ono, n'kuchira, n'kuphunzirapo. Mwana wonyentchera kapena wochedwa naye kuchipatala angathe kufa ndi phunziro lomwelo.

Masabata ndi miyezi yoyamba ndiyo yoopsa koposa. Komabe kufooka kumeneku sikutha msanga. Mu 2015 akatswiri adafalitsa zimene adapeza atafufuza mabuku a imfa za ana a ku England, Wales, Denmark ndi United States. Adaona kuti chikuku chikabuka, imfa za ana zochokera ku matenda ena opatsirana zinkakwera kwa zaka ziwiri mpaka zitatu. Ngati zidali choncho kumaiko a chakudya chambiri ndi zipatala zapafupi, nanga bwanji kwathu kuno kumene mwana amakumananso ndi malungo ndi miyezi ya njala?

Dziwaninso kuti chitetezo chimachira mochedwa kuposa maonekedwe a thupi. Mwana angathe kuyamba kusewera ndi kunenepa pamene asilikali ake akadali ofooka. Musanyengedwe ndi masaya.

MATENDA AMENE AMATSATA CHIKUKU

Akuluakulu adati mvula ikakuona litsiro siikata. Chikuku chikachoka, matenda awa ndiwo amakonda kulowa m'malo mwake.

Chibayo. Chikuku chimanyula njira za mpweya, ndipo tizilombo tina timapezerapo mwayi wolowa m'mapapo. Chibayo ndicho chimapha ana ambiri odwala chikuku.

Kutsegula m'mimba. Totupa timene mumationa pakhungu tili ndi anzake m'kati. Matumbo amanyuka, chakudya sichilowa bwino m'magazi, ndipo kutsegula kungathe kupitirira masabata angapo.

Matenda a maso. Chikuku chimamaliza vitamini A amene thupi lidasunga m'chiwindi. Popanda vitamini ameneyu diso limauma, limachita chilonda, ndipo lingathe kufa m'masiku ochepa. Mu 1976 Dr Moses Chirambo, katswiri wa maso wa m'dziko muno, pamodzi ndi mnzake adafalitsa zimene adapeza atayesa ana a m'sukulu za osaona m'Malawi. Mwa ana 100 alionse, oposa 40 adasiya kuona chifukwa cha chikuku.

Kunyentchera ndi kutupikana. Mwana wodwala safuna kudya, m'kamwa muli zilonda, m'mimba akutsegula, pamene thupi lotentha likufuna chakudya chochuluka kuposa masiku onse. Kunyentchera kumafooketsanso asilikali a m'thupi, motero matenda ndi njala zimathandizana kumugwetsa mwana.

Chifuwa chachikulu. Kachilombo ka TB kangathe kukhala m'thupi kali chigonere, katatsekerezedwa ndi asilikali. Asilikaliwo akafooka, kamadzuka.

ZIMENE MUYENERA KUCHITA

1. Onetsetsani kuti mwana walandira vitamini A. Mwana aliyense wodwala chikuku amapatsidwa vitamini A kawiri, tsiku limene wafika kuchipatala ndi tsiku lotsatira, ngakhale adalandirapo kale pa sikelo. Ngati maso ake akhudzidwa, a chipatala adzakuuzani tsiku loti mubwerenso kudzalandira kachitatu. Pambuyo pake apitirize kulandira miyezi 6 iliyonse kufikira atakwanitsa zaka 5.

2. Malizani mankhwala onse. Palibe mankhwala opha kachilombo ka chikuku. Mankhwala amene mumalandira ndi olimbana ndi chibayo, mafinya a m'maso kapena a m'khutu, ndi ochepetsa kutentha kwa thupi. Musaleke pakati poona kuti mwana wapeza bwino, ndipo musasungire mwana wina otsalawo.

3. Pitirizani kuyamwitsa, usana ndi usiku, kufikira mwana atakwanitsa zaka 2 kapena kupitirira. Pa nthawi imene mwana wataya zida zake, mkaka wanu umamubwereka zina zoteteza m'mimba mwake. Ino si nthawi yoletsa mwana kuyamwa.

4. Onjezerani chakudya. Mwana wochira adye pang'onopang'ono koma kawirikawiri, kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa tsiku. Mupatseni chakudya chimodzi chapadera tsiku lililonse kwa masabata osachepera 2, ndipo musaleke kufikira sikelo itaonetsa kuti wabwerera pamene adali n'kupitirira. Phala la madzimadzi la ufa woyera limangodzaza mimba. Phikani phala la mgaiwa lolimbako, losayenderera pa supuni, ndipo muthiremo nsinjiro, dzira, ufa wa usipa kapena wa soya, supuni yaing'ono ya mafuta ophikira, ndi masamba ophikidwa osinja monga bonongwe, chisoso kapena nkhwani. Likuni Phala ndi labwinonso. Papaya, mango akupsa, maungu ndi mbatata yofiira m'kati zimabwezera vitamini A. Yesetsani kuti pa tsiku alaweko magulu onse 6 a zakudya: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta.

5. Mudyetseni nokha, m'mbale yakeyake. Mwana wofooka akamadya mbale imodzi ndi akulu ake amangonyambita. Khalani naye pansi, munyengerereni, musamukakamize ndi kumutseka mphuno. Ngati m'kamwa muli zilonda, mupukuteni ndi kansalu koyera konyowetsa m'madzi owiritsa a mchere pang'ono, ndipo mupatseni zakudya zofewa zopanda tsabola.

6. Tchinjirizani tizilombo. Popeza alonda a m'kati ndi ofooka, mpanda wakunja ulimbe. Madzi akumwa awiritsidwe kapena athiridwe klorini, ndipo asungidwe m'chiwiya chovundikira chokhala ndi kapu yake yotungira. Sambani m'manja ndi sopo mukachoka kuchimbudzi, mukasintha thewera, musanaphike ndi musanadyetse mwana. Chimbudzi cha mwana chitayidwe m'chimbudzi, osati kuseri kwa nyumba. Chakudya chogona chitenthetsedwenso mpaka chiwire. Mwana agone m'neti usiku uliwonse. Musamubereke m'khitchini yodzaza utsi, ndipo asagone chipinda chimodzi ndi munthu wotsokomola nthawi yaitali.

7. Akatsegula m'mimba, yambani msanga kumumwetsa Thanzi. Paketi imodzi isungunulidwe mu lita imodzi ya madzi abwino. Pitani naye kuchipatala kuti akalandirenso mapiritsi a zinki, amene amamwa masiku 10 mpaka 14 monga momwe akuuzireni. Musaleke kumudyetsa kapena kumuyamwitsa.

8. Bwerani naye ku sikelo mwezi uliwonse osaphonya, ndipo uzani mlangizi wa zaumoyo kuti mwanayu adadwala chikuku, kuti alembe m'buku lake. Mzere wa pa khadi ukaima kapena kutsika, ndiye kuti pali chimene chalakwika, ngakhale mwana akuoneka wosangalala. Mlangizi adzayesanso mkono wake ndi kalamba kaja. Mwana wopezeka kuti wanyentchera kwambiri amalandira chiponde, chimene ndi mankhwala ake a mwanayo, osati chakudya chogawana pabanja.

9. Ngati inu mayi muli ndi kachilombo ka HIV, mwana wanu afunika chisamaliro choposa. Ayezedwe magazi pa masiku amene adakuuzani, amwe Bactrim wake mosadumphitsa, ndipo inu musaleke kumwa ma ARV.

ZIZINDIKIRO ZOFUNIKA KUTHAMANGIRA KUCHIPATALA

Musadikire tsiku la sikelo, ndipo musadikire kuti kuche, mukaona chimodzi mwa izi:

Mwana akukanika kuyamwa kapena kumwa, kapena akusanza chilichonse.
Akukomoka, kapena wafooka mwakuti sakudzuka bwinobwino.
Akupuma mofulumira: ka 50 kapena kuposa pa mineti imodzi ngati ali wa miyezi 2 mpaka 11, ka 40 kapena kuposa ngati ali wa chaka chimodzi mpaka zaka 5.
M'munsi mwa nthiti mukulowa m'kati pamene akukoka mpweya.
Diso lachita mtambo woyera, likutuluka mafinya, akukanika kulitsegula, kapena sakuona bwino kukayamba mdima.
Chimbudzi chili ndi magazi, maso alowa m'kati, kapena liwombo lalowa.
Mapazi onse awiri atupa.
Zilonda za m'kamwa zakula kapena zikununkha.
Thupi latenthanso.

Mwana akatsokomola kupitirira masabata 2, kapena akamatuluka mafinya m'khutu, pitaninso naye kuti akamuyese.

MAFUNSO AMENE AMAYI AMAFUNSA

Kodi mwana wa chikuku asambe? Inde. Madzi ofunda sabweza totupa m'kati. Mwana wosasamba amachita zilonda pakhungu, ndipo tizilombo timalowera pomwepo. Maso ake muwapukute ndi kansalu koyera ndi madzi owiritsa ozizira.

Kodi tingathire mankhwala azitsamba m'maso? Ayi, musatero. Diso la mwana wa chikuku ndi louma ndi losachedwa kunyuka. Madzi a masamba kapena a mizu amalitentha ndi kulowetsamo tizilombo. Ana ambiri adataya maso chifukwa cha zothira zotere. M'diso mulowe mankhwala okhawo ochokera kuchipatala.

Mwana watupa mapazi atachira chikuku. Kodi si tsempho? Sitikunyoza mwambo wa makolo athu. Koma kutupa kumene kumadza pambuyo pa chikuku ndi chizindikiro cha kunyentchera kwakukulu, ndipo kumachizika. Pamene banja likufunsana kuti walakwa ndani, mwana akunka nafooka. Yambani mwapita naye kuchipatala.

Poti wadwala kale chikuku, kodi katemera ndi wofunikanso? Inde. Si totupa tonse timene tili chikuku. Komanso katemera amene amaperekedwa m'Malawi kuyambira 2017 amateteza matenda awiri, chikuku ndi rubella. Onetsani khadi kwa mlangizi kuti aone akatemera onse amene mwana adaphonya, ndipo amalize.

Kodi katemera safooketsa chitetezo monga chikuku chenicheni? Ayi. Kachilombo ka m'katemera ndi kofooketsedwa. Kamaphunzitsa asilikali nkhope ya chikuku popanda kuwononga zimene ankazidziwa kale. Mwana angathe kumva thupi kutentha pang'ono kapena kutuluka totupa tochepa patapita sabata imodzi kapena kupitirirako, koma zimatha zokha.

KUPEWA KUPOSA KUCHIZA

Katemera wa chikuku adayamba kugwiritsidwa ntchito ku United States mu 1963, ndipo ndondomeko ya katemera wa ana m'dziko lathu idakhazikitsidwa mu 1979. Kuyambira 2015 mwana amalandira katemera wa chikuku kawiri: koyamba ali ndi miyezi 9, kachiwiri ali ndi miyezi 15. Amayi ambiri amabwera pa miyezi 9 n'kuiwala kachiwiri, poganiza kuti mwana akayamba kuyenda sikelo yatha. Mwa ana olandira kamodzi kokha pa miyezi 9, ena satetezedwa mokwanira. Katemera wachiwiri ndiye amatseka mpata umenewo.

Tisaganize kuti chikuku ndi nthenda yakale. Mu 2010 chidabuka m'dziko muno, chidagwira anthu pafupifupi 134,000, ndipo 304 adalembedwa kuti adamwalira nacho. Chiwerengero chotere sichiwerenga ana amene amapita ndi chibayo kapena kutsegula m'mimba patapita miyezi.

Chikuku chimafala mosavuta kuposa matenda ambiri. Wodwala amayamba kupatsira anzake masiku 4 totupa tisanatuluke, mpaka masiku 4 titatuluka. Kachilombo kake kamatsala m'mpweya wa m'chipinda kwa maola 2 wodwalayo atachokamo. Mwa anthu 10 osatetezedwa amene akhala naye pafupi, 9 amadwala. N'chifukwa chake mukabwera ndi mwana wa totupa, uzani a chipatala musanakhale pamzere ndi makanda.

M'mudzi uliwonse muli ana amene sangalandire katemerayu: makanda osakwana msinkhu, ndi ana amene chitetezo chawo chafooketsedwa kwambiri ndi matenda kapena ndi mankhwala amphamvu monga a khansa. Ana otere amatetezedwa ndi katemera wa anzawo owazungulira. Kuti chikuku chisowe polowera, pafunika kuti ana 95 mwa 100 alionse alandire katemera kawiri. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mukadziwa mayi amene adasiya sikelo, mutengeni mubwere naye mwezi wamawa.

KUMBUKIRANI

Totupa tikaphwa, chitetezo cha mwana chimakhala chisanachire.
Vitamini A kawiri, bere, ndi chakudya choonjezera tsiku lililonse.
Madzi abwino, m'manja moyera, neti usiku uliwonse.
Sikelo mwezi uliwonse, ndipo kuchipatala msanga mukaona chizindikiro choopsa.
Katemera wa chikuku pa miyezi 9 ndi pa miyezi 15.

Ngati pali chimene simunamvetse m'kabuku aka, funsani anamwino kapena mlangizi wa zaumoyo musanachoke pano lero.